Magazi a Mwana Amanena za Banja Lonse

Mawu amene adalankhula Mlembi wa Chigwirizano cha Amayi pa tsiku la chikondwerero



Tiyamika Mulungu amene watisunga kufikira tsiku la lero. Ena amene tidayamba nawo ntchito iyi adatsogola, ndipo tikuwakumbukira mwaulemu. Lipoti la ndalama ndi la ntchito za chaka mulipeza pa masamba ena a buku lino. Komiti idatituma kuti pano tilankhule nkhani imodzi imene takhala tikukumana nayo poyendera odwala ndi pa maliro a ana. Nkhaniyo ndi ya matenda akumtundu, ndi ya anthu ophunzira amene amapempha magazi athu kuti afufuze matendawo. Anamwino amene ali m'Chigwirizano chathu adatithandiza kusonkhanitsa mfundo zake, ndipo tiwathokoza.

MBEWU ZIWIRI

Ife tonse ndife alimi. Tidziwa kuti chimanga sichibereka ndi ndevu zokha, koma pafunika kuti fumbi lochokera ku ngaiyaye ligwere pa ndevuzo. Ndi chifukwa chake nthawi zina timasenda chimanga choyera ndi kupezamo njere zachikasu kapena zofiira, pamene ife sitidabzale chotero. Fumbi lidachokera m'munda wa mnzathu.

Munthu naye ali chomwecho. M'thupi mwathu muli malangizo aang'onoang'ono osaoneka ndi maso, amene madokotala amawatchula DNA. Theka lake mwana amalandira kwa bambo, theka kwa mayi. Ndi malangizo amenewa amene amachititsa kuti mwana atenge mphuno ya agogo ake kapena msinkhu wa atsibweni ake. Mukamva adokotala akunena za majini, musaganize za mizimu yoipa ija iyayi; iwo akunena timagawo ta malangizo amenewa. Tsono pamodzi ndi mphuno ndi msinkhu, mwana amatha kulandiranso mbewu ya matenda.

Matenda otere amene tikuwaona kwambiri kuno ndi a sickle cell. M'magazi mwathu muli timaselo tofiira, tozungulira ndi tofewa, timene timayenda bwino m'mitsempha ndipo timakhala masiku ngati 120. Mwa mwana wodwala matendawa timaseloti timapindika ngati zenga lomwetera udzu, timauma, timatseka mitsempha yaing'ono, ndipo timafa patangopita masiku 10 kapena 20. Motero magazi amachepa kawirikawiri, maso amaoneka achikasu, manja ndi mapazi zimatupa mwana akali wakhanda, kapamba amakula, ndipo mwana amalira usiku wonse ndi ululu wa m'mafupa. Malungo ndi chibayo zikamupeza, zimamugwira koopsa kuposa anzake.

Dokotala wina wa ku Chicago, James Herrick, ndiye adalemba za timaselo topindikati m'chaka cha 1910. M'chaka cha 1954 Anthony Allison, amene adafufuza ku East Africa, adaonetsa kuti munthu amene ali ndi mbewu imodzi yokha ya sickle cell amatetezeka ku malungo aakulu. Ndi chifukwa chake mbewuyi iri yochuluka m'maiko a malungo monga lathu lino. Kafukufuku wa ana aang'ono amene adachitika m'Malaŵi monse mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana pafupifupi 9 mwa ana 100 alionse ali ndi mbewu imodziyo. Ndiye kuti m'chalichi muno tiripo ambiri amene tiri nayo osadziwa.

Apa timvetsetse, amayi. Munthu wa mbewu imodzi sadwala matendawa. Amalima, amabereka, amakalamba monga aliyense. Mwana amadwala pokhapokha atalandira mbewu ziwiri, ina kwa bambo, ina kwa mayi. Ndipo ngakhale makolo onse awiri ali nayo, si mwana aliyense amene adzadwale. Tiyerekeze kuti m'thumba muli nyemba zinayi: imodzi yoyera, ziwiri zamawangamawanga, imodzi yofiira. Pa mimba iriyonse mukupisa dzanja osayang'ana, kutola imodzi, ndi kuibwezeramo. Yoyera ndiye mwana wopanda mbewu, zamawanga ndiwo ana a mbewu imodzi amene sadwala, yofiira ndiye mwana wodwala. Popeza nyemba imabwerera m'thumba, banja lina limatola yofiira katatu motsatizana, pamene banja lina limabereka ana asanu ndi mmodzi osaitola konse.

MLANDU UMAGWERA YANI?

Kwathu kuno ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo mayi ndiye amakhala ndi mwana kumsana usana ndi usiku. Tsono mwana akayamba kutupa ndi kuyera m'manja, maso onse amayang'ana mayi. Ena amati ndi tsempho, wina m'nyumbamo sadadzisunge. Ena amati walodzedwa, ndipo chala chimaloza gogo wina wosauka wa m'mudzi momwemo. Akuchimuna amati ku mtundu kwawo kulibe matenda otere, ndipo ana awiri akatsogozana kumanda, ankhoswe amaitanidwa, ukwati ndi kutha. Ndalama zimene zikadalipira ulendo wa ku chipatala zimathera kwa asing'anga, mwana ali m'nyumba kubuula.

Pa nkhani iyi ofufuza atithandiza kwambiri, pakuti aonetsa poyera kuti mayi yekha sangapatse mwana matendawa, ndipo bambo yekha sangathe. Mbewu imachokera ku mitundu yonse iwiri, ndipo palibe amene adasankha kubadwa nayo. Tikumbuke nkhani ya pa Yohane 9, pamene ophunzira adaona munthu wobadwa wosaona nafuna kudziwa amene adalakwa pakati pa iye ndi makolo ake. Ambuye adakana zonse ziwiri, ndipo m'malo mofunafuna wolakwa adamuthandiza munthuyo. Ife a Chigwirizano tikalowa m'nyumba ya mwana wodwala, tilowe ndi mtima womwewo.

Chimodzimodzinso ndi ana achialubino. Nawonso amabadwa pamene bambo ndi mayi onse awiri ali ndi mbewu yake, ngakhale khungu lawo liri lakuda. Koma ndi amayi angati amene adasiyidwa ukwati pa chifukwa chimenechi, akunamiziridwa zinthu zochititsa manyazi? Kalembera wa 2018 adawerenga anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Kuyambira 2014 tidamva za abale athuwa akubedwa ndi kuphedwa, ndi manda awo akufukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Umbuli wa zinthu zakumtundu umapha anthu, ndipo mpingo sungakhale chete.

KUDZIWA NAKO KULI NDI MINGA

Koma tisaganize kuti munthu akapimidwa ndiye kuti mavuto atha. Kudziwa kumene kumachotsa mlandu pa mayi kungathenso kusanduka chikoti m'manja mwa anthu osamvetsa.

Ku America m'zaka za m'ma 1970 adayamba kupima anthu akuda ambirimbiri, m'madera ena mokakamiza, osawafotokozera bwino kusiyana kwa mbewu imodzi ndi matenda enieni. Zotsatira zake, anthu athanzi adakanizidwa ntchito, ena adakwezeredwa mtengo wa inshuwalansi, ndipo sukulu ya asilikali a m'ndege idakana kulandira achinyamata a mbewu imodzi kufikira 1981. Ku Nigeria mipingo yambiri imafuna kalata ya magazi isanadalitse ukwati, ndipo ina imakana kudalitsa ngati mnyamata ndi mtsikana onse ali ndi mbewuyo.

Ife si ndife okonza malamulo a mpingo, koma ndife alangizi a atsikana, ndipo funso limeneli lidzatipeza pa chilangizo. Maganizo athu ndi awa. Ndi chinthu chabwino kuti mnyamata ndi mtsikana apimitse asanalowe m'banja, pakuti kulera mwana wa sickle cell ndi katundu wolemera, ndipo munthu ayenera kudziwa katundu asanasenze. Akapezeka nayo onse awiri, afotokozeredwe bwino za nyemba zinayi zija, apatsidwe nthawi yopemphera ndi kuganiza, ndipo chosankha chikhale chawo. Ena adzasiyana mwamtendere, ena adzakwatirana ali okonzeka kuthamangira ku chipatala mwana akangobadwa. Chimene tikukana ndi chakuti mtsikana atchuke m'mudzi monse kuti ali ndi magazi oipa, mpaka anyamata kumamulambalala. Mbewu imodzi si matenda, si tchimo, ndipo si temberero.

Chinthu china chovuta ndi ichi. Magazi a munthu mmodzi amanena za anthu ambiri amene sadafunsidwe. Mwana akapezeka ndi matendawa, ndiye kuti tadziwanso za bambo ake ndi mayi ake, ndipo tayamba kuganizira achemwali, azakhali ndi asuweni. Nanga mayi uja awauze abale ake? Ife tikuti ndi bwino kuwauza amene akhoza kuthandizika, makamaka amene ali pafupi kulowa m'banja, koma awauze mwini wake, pa nthawi yake, osati ife.

Ndiponso nthawi zina kupima kumaonetsa mwana wodwala pamene mwa bambo mbewu ija sidapezeke. Zifukwa zake ziripo zingapo. Kupima kungathe kulakwika, ndipo pali mitundu ina ya magazi akumtundu imene ikakumana ndi mbewu ya sickle cell imabala matenda ofanana. Koma anthu amathamangira chifukwa chimodzi chokha, ndipo mayi angathe kumenyedwa kapena kupirikitsidwa nkhani isanamveke. Chifukwa chake tipempha achipatala ndi ofufuza kuti zotsatira zotere azizinena mwanzeru, m'chipinda, ataganizira za moyo wa mayi ndi mwana. Ndipo ife amayi tisamale lilime. Chinsinsi cha mnzathu chisatuluke pa Lachinayi m'dzina la kumupempherera. Mulungu amamva pemphero ngakhale sititchula dzina la matenda.

AKABWERA KUDZAPEMPHA MAGAZI

Tsopano tinene za ofufuza. Pa njira iyi pali maenje awiri, lina kumanzere, lina kumanja.

Dzenje loyamba ndi mantha. Tonse tikukumbuka mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, pamene anthu osalakwa adaphedwa ndipo antchito a zaumoyo adaopa kulowa m'midzi. Magazi amene amatengedwa pa kafukufuku ndi ochepa. Kwa khanda nthawi zambiri ndi madontho a pa chidendene. Tikathawa kafukufuku aliyense, tidzakhala tikumwa mankhwala amene adayesedwa pa matupi a anthu a kutali okhaokha. Katemera wa malungo amene adayamba kuperekedwa pa 23 Epulo 2019 ku Mitundu, m'boma lathu lomwe lino, adayesedwa kaye m'maiko angapo a mu Africa, ndipo ana a ku Lilongwe adali m'gulu la oyesedwawo. Mankhwala a hydroxyurea, amene amachepetsa ululu ndi kuikidwa magazi kwa ana a sickle cell, adatsimikizika kuti ndi othandiza kwa ana a mu Africa chifukwa makolo a ku Angola, ku Congo, ku Kenya ndi ku Uganda adalola kuti ana awo alowe m'kafukufuku amene zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2019.

Dzenje lachiwiri ndi kuvomera osafunsa. Ife amayi akumudzi tidaleredwa kuti munthu wovala zoyera sayankhidwa. Akatipatsa pepala timadinda chala, makamaka tikamva kuti pali ndalama ya thiransipoti, kapena tikaopa kuti tikakana mwana sadzalandira mankhwala. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Tikuuzeni zimene zidachitikira mtundu wina waung'ono wa ku America wotchedwa Havasupai. Kuyambira 1990 anthuwa adapereka magazi kwa ofufuza a Arizona State University, akudziwa kuti akufufuza matenda a shuga amene adawasautsa kwambiri. Patapita zaka adamva kuti magaziwo adagwiritsidwanso ntchito pofufuza za misala, za kukwatirana pachibale, ndi za kumene makolo awo adachokera, zinthu zimene iwo sadavomere ndipo zidawachititsa manyazi. Adakasuma, ndipo mu 2010 sukuluyo idalipira madola 700,000 ndi kubweza magazi otsala. Taonani, magazi amakhala m'firiji zaka zambiri, amawoloka nyanja, ndipo amayankha mafunso amene mwini wake sadawamvepo.

Dziko lathu lidatiteteza pa nkhaniyi. Gawo 19 la Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 limaletsa kuyesa munthu pa kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi iye asanavomere. Kafukufuku wa zaumoyo ayenera kuloledwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa anthu ofufuzidwa, monga ya ku Unduna wa Zaumoyo yotchedwa NHSRC, kapena ya ku sukulu ya madokotala ku Blantyre. Koma lamulo liri pa pepala silingalankhule m'malo mwathu. Pakamwa ndi pathu.

Chotero akabwera, kaya ku sikelo, kaya pa bwalo la amfumu, tiwalandire mwaulemu, tiwapatse mpando, ndipo tiwafunse mafunso awa:

1. Kodi uku ndi kupima kofuna kuchiza mwana wanga, kapena ndi kafukufuku?
2. Mukufuna kupeza chiyani m'magaziwa, ndipo ndani adakulolezani?
3. Magaziwa akasungidwa kuti, zaka zingati, ndipo kodi adzatuluka kunja kwa dziko lino?
4. Mukadzafuna kufufuza china chimene simudanene lero, kodi mudzabweranso kudzandifunsa?
5. Ndani adzaone dzina langa ndi la mudzi wanga?
6. Mukapeza matenda mwa mwana wanga, mudzandiuza liti, ndipo adzathandizidwa kuti?
7. Ndikakana lero, kapena ndikasintha maganizo mawa, kodi chithandizo changa cha ku chipatala chidzapitirira?

Yankho la funso lotsirizali liyenera kukhala inde nthawi zonse. Wofufuza woona sakwiya ndi mafunso. Kalata yovomera ikhale m'Chichewa, ndipo amene sadziwa kuwerenga akhale ndi mboni yosakhala ya m'gulu la ofufuzawo. Inu amene mudziwa kuwerenga, perekezani anzanu. Mayi ali ndi ufulu wotenga pepala kupita nalo kunyumba kukakambirana ndi bambo a ana ndi eni mbumba, ndipo ndi bwino kutero popeza magaziwo akunena za iwonso. Koma amfumu akalola kuti alendo alowe m'mudzi, sikuti avomerera munthu aliyense. Mwamuna sangadinde chala m'malo mwa mkazi wake pa magazi a mkaziyo. Ndipo mwana amene wafika pozindikira afunsidwe nayenso.

PHINDU LIBWERERE KUMUDZI

Mawu athu ena apite kwa ofufuza ndi kwa akuluakulu a boma. Chaka ndi chaka pa dziko lapansi pamabadwa ana oposa 300,000 a sickle cell, ndipo ochuluka a iwo ndi a kuno ku Africa. Mu Disembala 2023 dziko la America lidavomereza njira yatsopano yokonza malangizo a m'thupi aja mwa odwala matendawa, yotchedwa Casgevy. Mtengo wake pa nthawiyo udali madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Ngakhale titagulitsa fodya ndi mtedza wa Nsaru yense, sitingachiritse ana angati.

Koma zimene zimasunga moyo wa mwana lero si zodula chotero: kupimidwa msanga, penisilini wa tsiku ndi tsiku, katemera, mapiritsi owonjezera magazi, kugona m'masikito, kumwa madzi ambiri, kufunda nthawi yozizira, hydroxyurea, ndi kuthamangira ku chipatala thupi likangotentha. Ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central kuli kiliniki ya ana a matendawa, ndipo tiyamika madokotala ndi anamwino amene amagwira ntchito kumeneko. Koma mayi wa ku Kabudula kapena wa ku Nambuma ayenera kukwera kabaza ndi minibasi, kusiya ana ena ndi munda, kuti akafike mu mzinda. Pempho lathu ndi lakuti kupima ndi mankhwala ziyandikire ku zipatala za kwathu kuno. Si chilungamo kuuza mayi kuti mwana wake ali ndi matenda, kulemba m'buku, ndi kumusiya yekha ndi mawuwo. Amene watunga pa chitsime akumbuke eni chitsime.

ZIMENE TAPANGANA

Potsiriza, komiti ikuika pamaso panu zinthu zisanu kuti tizichite m'chaka chikubwerachi.

Choyamba, pa chilangizo cha atsikana ndi cha olowa m'banja tiziphunzitsa za mbewu ziwiri, ndipo tipempha abambo a mpingo kuti aphunzitsenso anyamata.

Chachiwiri, tikaona mwana wotupa manja ndi mapazi, wochepa magazi kawirikawiri, tilimbikitse makolo onse awiri kupita naye ku chipatala, ndipo tisalole kuti gogo aliyense atchulidwe mfiti chifukwa cha iye.

Chachitatu, pa thumba lathu la zachifundo tipatule gawo lothandiza ulendo wa ku chipatala wa ana otere, ndipo mayi akagonekedwa ndi mwana, tikamulimire.

Chachinayi, amene ali ndi mphamvu pakati pathu ndi pakati pa achinyamata athu azipereka magazi ku chipatala, pakuti ana amenewa amaikidwa magazi kawirikawiri.

Chachisanu, pa 13 Juni, tsiku lokumbukira anthu achialubino, ndi pa 19 Juni, tsiku la sickle cell, tiziitana namwino kuti adzatiphunzitse.

Amayi anzathu, mutu umodzi susenza denga. Mayi amene akulera mwana wodwala asamve kuti ali yekha pamene Chigwirizano chiripo. Amene adatiumba m'mimba mwa amayi athu adziwa zonse ziri m'magazi mwathu, ndipo sadatikane. Nafenso tisakanane. Ambuye adalitse Chigwirizano chathu, adalitse mabanja athu, ndipo apatse nzeru ndi mtima wachifundo onse ogwira ntchito m'zipatala.

 Mulungu akhale nanu.